Sitolo ya zaulimi ku Limbe yomwe imafunsa kaye ngati pakhomo pali nkhuku

Masitolo ogulitsa mbewu ndi mankhwala ophera tizilombo ku Limbe alipo ambiri, ndipo kagulitsidwe kawo n'kamodzi: mwatchula dzina la mankhwala, akutsitsirani botolo, mwalipira, mwapita. Yomwe ndikulembayi imasiyana ndi zinzake pa chinthu chimodzi chokha, koma kwa ine chinthucho n'chachikulu. Muli mnyamata wina wogulitsa, wamtali, wosalankhulalankhula, yemwe sathamangira kutsitsa botolo. Amayamba wafunsa zomwe mwadzala, amene amadya, komanso ziweto zomwe zimayendayenda pakhomopo. Ngati muli ndi kadimba kuseri kwa nyumba ndipo khola la nkhuku lili pafupi ndi mabedi a mpiru, sitoloyi ndi yoyenera kuiyendera. Ili ndi zokhumudwitsa zake, ndipo ndizinena zonse. Dzina lake sinditchula chifukwa sanandilembe ntchito yowatsatsira malonda, komanso zomwe ndikufuna kuti mutolepo mukhoza kukayesera sitolo ina iliyonse ya kwanuko.

Ine ndimakhala ku Machinjiri. Kuseri kwa nyumba ndili ndi mabedi a mpiru, repu, chainizi, anyezi ndi tomato, kuphatikizapo mizere iwiri ya chimanga chokazingira ana. Nkhuku ndi zachikuda, kupatula mathadzi awiri akuda a Mikolongwe omwe ndi amene amandipatsa mazira ambiri. Zaka zonse m'miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chimatithandiza: kamvula kowaza kaja ndi nkhungu zimanyowetsa masamba, fumbi limagona, ndipo nsabwe za masamba sizichulukana kwambiri. Chaka chino chiperoni chinatinyanyala. Kunazizira ndithu, koma kouma gwa. Pofika kumapeto kwa Ogasiti udzu wonse wozungulira unali utapsa, ndipo pamalo ponsepo chobiriwira chinali kadimba kangako. Kachilombo kalikonse ka m'deralo kanadziwa kopita.

Repu anadzaza nsabwe zotuwa zija zokhala ngati zawazidwa ufa, masamba a pakati n'kumafwanyika. Tomato anayamba timadontho tachikasu, kenako masamba a m'munsi n'kuchita dzimbiri ndi kuuma ngakhale ndinkathirira m'mawa ndi madzulo. Chiswe chinalowa mu udzu womwe ndinaphimbira mabedi n'kuyamba kudya timitengo tomangirira tomato. Mbande zomwe ndinawokera zinkapezeka m'mawa zitadulidwa pa tsinde. Nako kukhola utitiri unavuta mpaka thadzi lina linathawa mazira omwe linkakhalira.

Ndinapita ku sitoloko nditanyamula masamba m'pepala la shuga, ndipo ndinapempha cypermethrin, popeza ndi yemwe aliyense kwathu kuno amatchula chilichonse chikadya mbewu. Mnyamatayo sanatembenukire ku shelefu n'komwe.

"Mayi, nkhuku muli nazo?"

Ndinati eya.

"Zimalowa m'dimbamo? Nanga masamba otsala mukathyola mumaziponyera?"

Ndinati kulowa zimalowa zikapeza mpata, ndipo masamba okalamba onse amapita kukhola.

Apo anatambasula pepala loyera pa kauntala, n'kutenga tsamba la tomato n'kuligogoda ndi chala. Panagwa ngati fumbi lofiira. Anandipatsa kagalasi kokuzira zinthu kuti ndione ndekha. Fumbi lija linkayenda. Tinali timiyendomiyendo, tikuthamangira m'mbali mwa pepala. Anatembenuza tsambalo n'kundionetsa ulusi wopyapyala pakati pa mitsempha yake ndi timazira tozungulira.

"Awa ndi akangaude ofiira, Mayi. Cypermethrin sawatha awa. Akapha tizilombo tomwe timawadya, iwo n'kutsala akuswana mwaufulu. Pakatha milungu iwiri mudzabwera kuno kudzandinena kuti ndinakugulitsani madzi."

Anafotokoza kuti akangaudewa amakonda kutentha, kuuma ndi fumbi, n'chifukwa chake amavuta kwambiri kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndipo chisanu chikakhala chouma amayamba msanga. Anayang'ananso ngati pa masambapo pali tinjira toyera ta mbozi ya Tuta absoluta ija yomwe imaboola tsamba ndi chipatso chomwe, koma sanapeze. Za nsabwe za pa repu ndinamufunsa za dimethoate, yemwe amamveka fungo m'madimba ambiri a m'mbali mwa mitsinje. Anatsitsa botolo, osati kuti andigulitse, koma kuti andionetse pomwe panalembedwa masiku odikira musanathyole. Panali masiku 14. Anandifunsa ngati pakhomo panga tingathe milungu iwiri osadya ndiwo za m'dimbamo. Anawonjezera kuti mankhwala amenewa amalowa m'kati mwa tsamba moti kutsuka sikuwachotsa, ndiponso ndi oopsa kwambiri kwa mbalame, nkhuku nazo ndi mbalame. Botolo linabwerera pa shelefu.

Mukudziwa, wogulitsa kukubwezerani ndalama m'thumba si zinthu zomwe timaziona kawirikawiri m'tauni muno.

Chomwe anandikakamiza kugula chinali waya wa nkhuku, ndipo pa zonse zomwe ndinatenga m'sitolomo, ndi wayayu amene wandipindulira kwambiri. Amagulitsa mpukutu wathunthu komanso amadula pa mita, zomwe masitolo ena amakana. Ali ndi wa mabowo akuluakulu, wotsika mtengo, ndi wa mabowo ang'onoang'ono. Iye anati nditenge wa mabowo aang'ono chifukwa anapiye amadutsa pa winayo, ndipo mwanapiye akalowa, make amayesa njira iliyonse mpaka nayenso alowe. Ananena zoona. Ndalama yake inali ngati ya atambala anayi, ndipo mtima unandipweteka polipira. Ndinatenga wotalika mita 1.2. Apa ndiye malangizo ake anaperewera pang'ono, chifukwa nkhuku zachikuda si za Mikolongwe zolemera zija: misoti yanga inkangouluka n'kutera m'kati. Zinatheka nditadula nthenga zazitali za phiko limodzi pa nkhuku iliyonse. Phiko limodzi lokha, kuti ikafuna kuuluka izipendama. Pansi pa waya ndinakwirira ndi dothi n'kutsamiritsa njerwa, popeza nkhuku ikapalasa pansi pa mpanda imadzikumbira khomo.

Ubwino wa waya si kutsekera nkhuku kunja kokha. Ubwino wake ndi woti tsopano ndine ndimasankha nthawi yoti zilowe ndi poti zilowe. Ndinagawa dimba pawiri. Bedi likatha, ndimazula zotsala, ndimalima, ndimathirira pang'ono madzulo, ndipo m'mawa ndimatsegulira nkhuku mbali imeneyo yokha. Mukaziona zikugwira ntchito mumasangalala. Tambala amayamba ndiye, kupalasa kawiri kumanja kamodzi kumanzere, n'kubwerera m'mbuyo kuyang'ana, akapeza mphutsi yoyera yopindika ija amaitana mathadzi m'malo modya yekha. Mbozi zotuwa zomwe zimadula mbande usiku zimabisala m'dothi pafupi ndi pamwamba masana, ndiye nkhuku zimazifukula mosavuta. Bedi lomwe nkhuku zinayamba zapalasa masiku angapo ndisanawokere, mbande zodulidwa zinali zowerengeka. Bedi lomwe ndinawokera mothamanga osazilowetsa, ndinachita kubwerezanso kudzala m'malo ambiri.

Koma tisanamizane. Anthu ena amalankhula ngati nkhuku ndi mankhwala a tizilombo tonse. Nkhuku imadya mphutsi, chiswe, ziwala ndi mbozi zomwe yaziona. Nsabwe za masamba ilibe nazo ntchito, imadya tsamba lenilenilo n'kukusiyirani mitsempha. Akangaude ofiira siwaona n'komwe. Nunkhadala, chiwala chokongola chonunkha chija, zanga zimangochiyang'ana cham'mbali n'kudutsa, moti ameneyo ndimatola ndi manja m'mawa kukadali kozizira asanayambe kudumpha. Ndipo mukailowetsa pa bedi la mbande, ntchito ya milungu itatu imatha musanamalize kumwa tiyi.

Chiswe sindinagulire mankhwala. Mnyamatayo anati chiswe chabwera chifukwa cha udzu wouma ndi chinyezi, ndipo kuthira poizoni m'dothi lomwe nkhuku zidzapalase mawa n'kudziputira mavuto. Ndinachepetsa udzu wophimbira n'kuusuntha kuti usakhudze tsinde la tomato, ndipo timitengo tomangirira ndinasintha n'kuika tansungwi touma bwino. Kenako ndinakumbukira zomwe ankachita agogo anga kumudzi: mphika wakale wong'aluka, kuikamo zitsononkho ndi mapesi, kuwaza madzi, n'kuuvundikira pomwe chiswe chikudutsa. Pakapita masiku ochepa mumavundukula, muli chiswe chodzaza, n'kukakhuthulira anapiye. Chiswe sichinathe, koma tsopano chikundilerera anapiye.

Za akangaude anandigulitsa abamectin, kabotolo kakang'ono ka mamililita 100, kokwera mtengo kuposa cypermethrin wa muyeso womwewo. Chomwe chinandisangalatsa n'choti anandipatsa ndi jekeseni wopanda singano woyezera. Anati anthu ambiri amayeza ndi chitsekerero cha botolo, koma muyeso wolembedwa nthawi zambiri ndi wa sipuleya yaikulu yobereka kumsana ya malita 16, ndiye munthu wa sipuleya yaing'ono akathira chitsekerero chodzaza amakhala wapyoza kangapo. Anawerengera yekha muyeso wa sipuleya yanga n'kulemba ndi cholembera pa katoni ya botololo. Anandiuzanso kuti ndiyambe ndathothola masamba a m'munsi omwe anali atapsa kale n'kuwatentha, osawaponya kukhola kapena pa manyowa, ndipo zomera ziwiri zomwe zinali zitakutidwa ndi ulusi ndizizule basi.

Ndinapopera madzulo dzuwa litapendeka, njuchi zitabwerera kwawo ndipo nkhuku zitalowa m'khola, kamlomo ka sipuleya katayang'ana kumwamba kuti mankhwala afike kunsi kwa masamba komwe akangaude amakhala. Mankhwalawa sapha mazira, choncho ndinabwerezanso patatha mlungu. Masamba omwe anali atachita dzimbiri sanabwerere, amenewo musayembekezere, koma nsonga zatsopano zinatuluka zobiriwira bwino ndipo tomato anapitiriza kubereka. Masiku odikira omwe analembedwa pa botololo anali ochepa, koma ine ndinkadikira mlungu wathunthu ndisanathyole, ndipo mbali imeneyo nkhuku sizinapondeko. Chinanso chomwe chinathandiza, chaulere, ndi kutsira madzi panjira yodutsa pafupi ndi mabedi kuti fumbi lisamakwere pa masamba. Madzi otsukira mbale ndi otsukuluzira zovala amagwira ntchito imeneyi bwinobwino, makamaka masiku ano pomwe mpopi umangolira mphepo.

Chenjezo lake lomwe ndikulipereka kwa inunso: osapopera abamectin mobwerezabwereza nyengo yonse, chifukwa akangaude amazolowera msanga. Ine ndinapopera maulendo omwe ananenawo n'kusiya.

Pa nsabwe za pa repu ndi mpiru sanandigulitse chilichonse. Anati ndiwo zomwe timathyola tsiku ndi tsiku ndipo zotsala zake zimapita kwa nkhuku, njira yake ndi sopo, nimu ndi kupirira. Nimu kuno ku Machinjiri sapezeka wambiri ngati ku Chikwawa ndi Nsanje komwe mitengo yake ili paliponse, koma mlamu wanga amapita ku Thabwa, ku Chikwawa komweko, pafupipafupi ndipo amandibweretsera masamba ndi njere. Ndimasinja mumtondo wapadera, osati wosinjira nsinjiro, ndimaviika usiku wonse, m'mawa ndimasefa pansalu n'kusungunuliramo kachidutswa ka sopo wochapira kuti madziwo amatirire pa tsamba. Nsabwe zotuwazi zili ndi phula pathupi, ndiye popanda sopo madzi amangotsetsereka. Ndisanapopere ndimayamba ndathothola masamba odzaza kwambiri n'kutsuka otsalawo ndi madzi amphamvu.

Zotsatira zake ndi zapakatikati, ndipo ndinena mosabisa. Nimu sagwetsa tizilombo pomwepo. Amachititsa kuti tisiye kudya ndi kukula bwino, ndiye munthu wozolowera kuona tizilombo titagwa chagada akhoza kuganiza kuti wataya nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Muyenera kubwereza masiku ochepa alionse chifukwa dzuwa limamuthetsa mphamvu. Repu wakale yemwe anali atafooka kale sanachire, ndinamuzula. Mpiru ndi chainizi zinapulumuka. Patapita milungu ingapo ndinayamba kuona tizilombo tofiira tozungulira ta madontho akuda tija pa masamba, pamodzi ndi ana ake akuda aminga omwe ambiri amawapha poganiza kuti ndi adani, chonsecho ndi amene amadya nsabwe kwambiri. Ndikanapopera cypermethrin sindikanawaona.

Anatchulanso mthuthu, womwe kumpoto amati mtetezga, koma anati ndisamale pa zinthu ziwiri. Choyamba, umapha nsomba, ndiye madzi otsukira sipuleya asamapite kumtsinje kapena ku damu la munthu. Chachiwiri, akatswiri anapeza kuti mtengowu uli mitundu iwiri yooneka chimodzimodzi, wina uli ndi mphamvu yophera tizilombo, wina ulibe, n'chifukwa chake ena amautama pomwe ena amati ndi bodza. Fodya anandiletseratu pa tomato, anati amatha kupatsira matenda opiringiza ndi kuchita mawanga masamba, ndiponso madzi ake ndi poizoni kwa munthu ndi nkhuku zomwe.

Chimanga changa cha mizere iwiri chinagwidwa ndi mbozi zija za fall armyworm zomwe zinatipeza cha m'ma 2016 ndi 2017, mpaka Pulezidenti Peter Mutharika analengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pa ngozi. Pa munda waukulu nkhani yake ndi ina, koma pa mapesi owerengeka ngati angawa mnyamatayo anangoseka n'kunena kuti ndili ndi zala. M'mawa uliwonse ndimasuzumira mu nsonga, ndikaona zitosi zonga utuchi ndimatulutsa mboziyo n'kuiponyera nkhuku, zomwe zimadikirira kale kuseri kwa waya. Ndimathiramonso kadothi kosakaniza ndi phulusa. Ena amathira msuzi wa usipa kuti uitane nyerere zidzadye mbozizo, koma ine ndi galu wa a neba sindinafune kuyesa.

Tsopano zokhumudwitsa. Choyamba ndi sipuleya. Ndinagula ya malita 5 yopopa ndi dzanja, yokoleka paphewa, poona kuti ya kumsana ndi yaikulu mopyola pa kadimba kanga. Mwezi woyamba inagwira bwino. Kenako kalabala ka m'kati kanaphwa, mpweya n'kumathawa, moti ndinkapopa mpaka mkono kuwawa koma madzi n'kumangodontha. Nditabwerera anandiuza kuti timalabala ta mtundu umenewo sasunga, ndipo kubweza katundu wogwiritsidwa kale ntchito salola. Sitolo yomwe imadziwa kuwerengera muyeso wa mankhwala ikulephera bwanji kusunga kalabala? Anandithandiza ndi wokonza njinga wa pafupi ndi kwathu, yemwe anadula kachidutswa ka chubu n'kupaka girisi. Ikugwira, koma mokakamiza. Kamlomo kake nakonso kamatsekeka msanga ndi nimu ngati simunasefe kawiri. Mukafuna kugula sipuleya kumeneko, funsani kaye ngati zipangizo zake zosinthira zilipo, ndipo ngati palibe, kagulenitu kwina.

Chachiwiri, tsiku lomwe ndinagula abamectin analibe magolovesi kapena zotchinga pakamwa ndi mphuno. Akukuchenjezani kuti mankhwala asakhudze khungu, koma chodzitetezera mukasake nokha m'masitolo a hadiweya. Izi sizikugwirizana.

Chachitatu, komanso chachikulu: nzeru zonse ndazitamazi zili mwa munthu mmodzi. Tsiku lina ndinapita iye kulibe. Ndinapeza bambo wina wachikulire, ndipo nditafunsa za utitiri anangotulutsa kapaketi ka ufa wothira nkhuku n'kutchula mtengo. Ndinamufunsa ngati tingadye mazira nkhuku zikathiridwa ufawo. Anayankha kuti, "Aliyense amagula womwewu, Mayi." Ili si yankho. Zolembedwa pa paketiyo zinali m'Chingerezi chokhachokha, tizilembo tating'ono tofunika mandala. Ndinawerenga kuti muli carbaryl, mankhwala akalekale omwe mayiko ena analetsa kuthira pa nkhuku zoikira mazira, komanso amapha njuchi kwambiri. Ndinagula, koma ndinakafunsa kaye kwa alangizi a ziweto a m'dera lathu.

Alangiziwo ndi amene anandipatsa njira yomwe inathandiza. Anati utitiri wambiri sukhala pa nkhuku, umakhala m'ming'alu ya khola ndi m'zisa, usiku n'kumatuluka kudzayamwa magazi. Ndinatulutsa udzu wonse wa m'zisa n'kuutentha, ndinasesa zitosi, ndinathira madzi owira m'ming'alu ndi pa mitengo yogonapo, n'kuzira pansi ndi dothi latsopano. Ufa uja ndinathira pang'ono m'ming'alu mokha, nkhuku zili kunja, osati pa matupi awo kapena pomwe zimadyera. Nthata zakuda zomwe zimamatirira pamutu ndi m'mphepete mwa maso ndinazipaka vaselini mosamala, zinabanika n'kuyamba kuyoyoka. Pakona pena pouma ndinakumba kadzenje n'kuthiramo phulusa losefa losakaniza ndi mchenga, ndipo masana nkhuku zimalimbirana kusambamo, fumbi koboo. Thadzi lomwe linathawa mazira lija linaikiranso ndipo pano likuyenda ndi anapiye.

Pomwe mnyamata uja anandipulumutsanso ndi pa makoswe. Chilimwe chikafika makoswe amabwera kudzasaka madeya ndi madzi, ndipo anandibera anapiye. Kunja kwa sitoloko, m'mphepete mwa msewu, mumapeza anyamata atayala timapepala ta tameki ndi timabotolo topanda dzina ta mankhwala othiridwa kuchokera m'mabotolo ena, otchipa ndithu. Iye anandichonderera kuti ndisayerekeze. Anati nkhuku ikajompha nyambo, kapena galu ndi mphaka zikadya khoswe wakufayo, zimapita, osanenanso za mwana wokwawa. Ngakhale poizoni wa makoswe wovomerezeka yemwe ali m'sitolomo anati pakhomo pa nkhuku zoyendayenda sangandilimbikitse. Anandigulitsa misampha iwiri yachitsulo n'kundiuza kuti ndizitchera usiku nkhuku zitatsekeredwa, ndiziivundikira ndi beseni lotsamiritsa pa mwala, ndipo m'mawa ndizichotsa ndisanatsegule khola. Madeya ndinayamba kusunga mu ndowa yachitsulo ya chivundikiro. Makoswe achepa, ngakhale sanathe.

Pa khoma la sitoloyi anapachika chiphaso cha Pesticides Control Board, bungwe la boma lomwe lili ku Bvumbwe ndipo linakhazikitsidwa potsatira lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000. Kulikonse komwe mukugula, kwezani maso muone ngati chiphasochi chilipo. Onaninso kuti botolo ndi lomata, lili ndi tsiku lothera mphamvu, komanso mtundu womwe uli pa lebulo: wofiira ndi woopsa kwambiri, wobiriwira ndi wocheperako ukali. Mabotolo onse omwe ndinagwira m'sitolomu anali omata bwino ndipo masiku ake anali asanathe. Paketi imodzi yokha ya mbewu ya chainizi ndi yomwe inali itatsala pang'ono kutha, ndipo nditaloza anandisinthira popanda mkangano.

Katemera wa chitopa amasunga mufiriji, ndipo ali ndi sola yothandizira magetsi akazima, chinthu chomwe ndinachita kufunsa ndisanagule. Miyezi yotenthayi, Seputembala ndi Okutobala, ndi yomwe chitopa chimasesa makola, ndiye munthu ukamalimbana ndi nsabwe za pa repu usaiwale kuti ukhoza kudzuka khola lili zii. Katemera wa I-2, wodonthezera m'diso, amaperekedwa miyezi inayi iliyonse, ndipo alangizi amatchula Malichi, Julayi ndi Novembala. Vuto ndi loti kabotolo kamodzi n'ka nkhuku mazana, pomwe ine zanga sizikwana ngakhale makumi awiri. Tinasonkherana ndi amayi anzanga a mumpingo omwe amaweta, n'kutemera makomo onse tsiku limodzi. Mnyamatayo anatikulungira kabotoloko m'nsalu yonyowa n'kutiuza kuti tisakaike padzuwa m'minibasi.

Mitengo yawo ndi yokwererapo poyerekeza ndi masitolo ena a mumsewu womwewo, ndipo sachotsera ngakhale mutadandaula bwanji. Manambala sindilemba, chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha kwa mu Novembala 2023 mtengo womwe mwauona lero si womwe mukaupeze mwezi wamawa. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba, ndipo lisiti amapereka musanapemphe. Malo ndi opanikiza, anthu atatu akaima pa kauntala wachinayi amadikira panja, ndipo fungo la mankhwala ndi lamphamvu moti mwana musalowe naye.

Mukafuna kuti akumvetsereni bwino, pitani pakati pa sabata m'mawa, ndipo pitani Okutobala asanathe. Ikayamba nyengo yogula mbewu ya chimanga ndi feteleza, mzere umafika kunja ndipo ngakhale mnyamata wodekhayo sakhala ndi mpata wotulutsa kagalasi kake. Nyamulani tsamba lodwala, lomangidwa bwino m'pepala kuti musawagawire tizilombo anzanu m'minibasi, komanso dziwani kukula kwa sipuleya yanu. Mukapeza iye kulibe, gulani waya, misampha kapena mbewu, koma za mankhwala mudzabwerenso tsiku lina.